Miyala siberekana m'munda: za nthaka yosaya ya m'mapiri

Atsibweni anga amalima m'mbali mwa kaphiri kena cha ku Nkhoma, ndipo ndikapita kukawaona nyengo yososa, dandaulo lawo limakhala lomwelija chaka ndi chaka. "Mwanawe, miyala ya m'munda muno imaberekana. Chaka chathachi ndinatola ngolo ziwiri zodzadza, koma taona lero." Akatero amamenya khasu pansi kuti ndidzimvere ndekha. Khasulo limalira ngwee, nthawi zina mpaka kuthetheka timoto, ndipo pozuka limabwera ndi nsangalabwi zambiri kuposa dothi. Mizere yawo ndi yaifupi ngati ya mwana wongophunzira kulima, chifukwa dothi loti aunge nalo mzere weniweni palibe. Ukayang'ana pakati pa mizere, thanthwe limachita kuonekera msana.

Miyalayo inalipo kale, inangokwiririka. Mvula ikamagwa pamalo otsetsereka imasankha katundu woti inyamule. Dongo, timchenga tosalala ndi zinyalala zowola zimapita ndi madzi, zolemera zimatsala, monga misere imatsalira pa sefa ufa utadutsa. Ndiye munthu ukabwera chaka chinacho umaona ngati miyala yachuluka, chonsecho ndi nthaka yachepa.

Nkhaniyi inandibwereranso m'mutu tsiku lina mu minibasi yochokera ku Mitundu. Bambo wina wa geni yokatenga katundu ku Mbeya ankasimba za nthochi ndi tiyi wa ku Tukuyu, akuti kumeneko ngakhale mpini wa khasu utaubzala ungaphuke, chifukwa nthaka yake inachokera m'mapiri ophulika. Anthu m'galimotomo anavomereza onse kuti nthaka ya mapiri ophulika ndiye mfumu ya nthaka zonse. Bamboyo sananame, koma anangonena theka la nkhani.

Phiri la Rungwe ndi anzake a kumpoto kwa Nyanja ya Malawi, m'dziko la Tanzania, ndi mapiri ophulika enieni, ndipo limodzi mwa iwo, Kyejo, linatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800 pomwepa. Chimene chinalemeretsa dera limenelo kwambiri ndi phulusa. Phiri likaphulika limamwaza phulusa ndi timiyala topepuka tokhala ndi tizibowo, zimene zimaunjikana mamita angapo. Phulusa lotere limawola msanga, limasunga madzi ngati siponji, mizu imalowa mosavuta, ndipo kumeneko mvula ndi yambiri. Akatswiri amatcha nthaka yotereyi Andosol. Padziko lonse siikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mtunda, ndipo nayonso ili ndi khalidwe lake loipa: imagwira fosifolasi mwamphamvu moti mbewu zimavutika kumupeza.

Koma phiri lophulika silitulutsa phulusa lokha. Limatulutsanso chiphalaphala chimene chimayenda pamtunda, n'kuzizira, n'kuuma kukhala thanthwe lolimba gwa. Lodziwika kwambiri ndi basalt, mwala wakuda wolemera. Mapiri a ku Lesotho ndi mulu wa basalt amene anatuluka pansi zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, wokhuthala kuposa kilomita imodzi. Mapiri a ku Ethiopia nawonso ndi basalt wa zaka pafupifupi 30 miliyoni. Ku America, m'madera ouma a Idaho, Oregon ndi Nevada, kuli malo aakulu odyetsera ziweto amene akhala pa miyala ya chiphalaphala. Konseko, ukakwera m'mbali mwa phiri, umapeza zimene atsibweni anga amadandaula zija: kadothi kochepa, nsangalabwi mbwee, thanthwe pansi pomwepo. Ku Lesotho malo oterewa ndi a nkhosa ndi mbuzi za ubweya, ndipo kumene ziweto zapyola muyeso udzu umathawa n'kulowa kachitsamba kamene eni ake amati sehalahala, kamene ziweto sizikafuna.

Kuno ku Lilongwe tilibe phiri lophulika. M'Malawi muno basalt amapezeka kuchigwa cha Shire, kumadzulo kwa Chikwawa ndi Nsanje, ndipo Kangankunde ku Balaka, Tundulu ku Phalombe ndi chilumba cha pa Chilwa ndi zitsa za makomo akale a chiphalaphala, a zaka zoposa 100 miliyoni. Miyala ya kwathu kuno, ya ku Dzalanyama, ku Bunda, ku Ngala ndi ku Nkhoma, yambiri ndi granite, gneiss ndi abale awo, ndipo ndi yakale kwambiri, zaka zoposa 500 miliyoni. Granite naye anali phala lotentha, kungoti iye sanatulukire kunja. Anazizirira pansi pa dziko pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ukamuswa umaona timaso tikulutikulu toyera, tofiirira ndi takuda, pamene basalt, amene anazizira mofulumira pamtunda, amaoneka wosalala mkati ngati chitsulo. Ndikaganiza zimenezi ndimakumbuka za Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kumene makolo athu Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira thanthwe likadali lofewa, mapazi awo n'kudindika pomwepo. Pa zaka ndi pa mapazi sitingagwirizane ndi akatswiri a miyala, koma zoti thanthwe linali lofewa nthawi ina, apo akuluakulu analasa.

Mtundu wa mwala umasiyanitsa dothi limene lidzatuluke. Basalt ali ndi kashiamu, magineziyamu ndi chitsulo chambiri, ndipo akawola amasanduka dongo, lofiira moderapo pamene madzi amadutsa bwino, lakuda ngati makande pamene madzi amaima. Amawola mozungulira, kuyambira m'ming'alu, moti m'dothimo mumatsala miyala yobulungira yokhala ndi khungu la dzimbiri. Granite ali ndi quartz wambiri, timiyala toyera tija timene ana amagundanitsa usiku kuti aone moto, ndipo quartz sawola wamba. Choncho dothi la pa granite limakhala la mchenga wokhakhala, chakudya cha mbewu chochepa. Pa chonde, supuni imodzi ya dothi la pa basalt imaposa supuni ya dothi la pa granite. Vuto ndi lakuti mbewu sidya supuni. Imafuna malo oti mizu iyende, ndipo pamalo otsetsereka mwala uliwonse, wolemera chonde kapena wosauka, umapereka malo ochepa.

Nthaka imapangika kuchokera pansi ndipo imachoka kuchokera pamwamba. Madzi amalowa m'ming'alu ya thanthwe atatenga asidi wofatsa kuchokera ku mizu ndi masamba owola, dzuwa limatenthetsa masana, usiku kumazizira, ndere zimamata, mwala n'kumafumbutuka. Mukakwera phiri la Bunda mudzaona thanthwe likusendeka zikhungu ngati anyezi. Ntchito imeneyi ndi ya kamba: sentimita imodzi ya nthaka imatenga zaka mazana angapo, pena mpaka 1,000. Pachidikha, ngati chigwa chachikulu cha Lilongwe, zimene zawola zimakhala pomwepo kwa zaka zikwizikwi, ndiye tili ndi katondo wakuya amene ukakumba chimbudzi mamita atatu sukumana ndi mwala. M'mbali mwa phiri zimene zawola zimatsetsereka zisanaunjikane. Udzu ndi mitengo zikakhalapo, kuchoka ndi kupangika kumayenda pafupifupi mofanana, ndipo kadothi ka masentimita 15 kapena 20 kamakhalabe pamenepo mibadwomibadwo. Sikakula, komanso sikatha.

Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, pamodzi ndi akatswiri a nthaka amatcha nthaka imeneyi Leptosol, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chopyapyala. Muyeso wake ndi woti thanthwe lipezeke pasanathe masentimita 25 kuchokera pamwamba, kapena miyala ichuluke kwambiri moti dothi lenileni n'losakwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Zimadabwitsa kuti mtundu umenewu ndiwo wafala kuposa mitundu yonse ya nthaka padziko, mahekitala oposa 1,600 miliyoni. Mabuku akale a zaulimi a kuno ankailemba kuti lithosol. Nthaka ya m'mapiri motere ili ndi msuweni wake pachigwa, pamene lubwe lili pafupi ndi pamwamba, ndipo mavuto ake ndi ofanana.

Pamene nthaka yosaya imagonjera kwenikweni ndi pa madzi, ndipo masamu ake ndi osavuta. Dothi labwino la pakatikati limasunga madzi oti mbewu imwe okwana pafupifupi milimita imodzi ndi theka pa sentimita iliyonse ya kuya kwake. Katondo wa ku Chitedze kapena ku Nsaru, kumene mizu ya chimanga ingatsike mita yathunthu, amasunga mamilimita 100 kapena kuposerapo. Tsopano tengani munda wa atsibweni: masentimita 20, theka lake miyala. Mwala sumwa madzi, ndiye dothi logwira ntchito ndi masentimita 10 okha, kutanthauza mamilimita 15. Chimanga chikamamasula ngayaye chimamwa mamilimita asanu kapena kuposerapo pa tsiku kukakhala dzuwa. Masiku atatu, mtsuko wauma. N'chifukwa chake ng'amba ya sabata imodzi mu Januwale kapena Febuluwale imapinda masamba a chimanga cha m'phiri ngati anyezi pamene cha kumunsi chikadali chobiriwira. Mvula ya ku Lilongwe, mamilimita 800 mpaka 900 pa chaka, imagwa mofanana pa minda iwiriyo. Wina ali ndi mbiya, wina ali ndi mbale.

Mbale ikadzadza, otsalawo amasefukira. Mvula yamphamvu ya mamilimita 40 ikagwa pa nthaka yosunga 15, enawo amayenda pamwamba kapena amatsetsereka pa thanthwe pansi pa dothi, ndipo feteleza wa yuleya amene munthu wagula modula amapita nawo kudambo.

Pali kanthu kena kamene kamapusitsa ngakhale anthu ophunzira. Dothi likapita kolipima, amayamba aliumitsa n'kulisefa pa sefa ya mamilimita awiri. Chilichonse chokulirapo amataya, n'kupima chotsalacho. Zotsatira zikhoza kubwera zokoma ndithu, makamaka ngati dothilo lachokera pansi pa mitengo kapena pa mwala wa chonde ngati basalt. Pepalalo silinena kuti theka la thumba lija linali nsangalabwi, silinenanso kuti khasu linagunda thanthwe. Musanagule malo m'mbali mwa phiri chifukwa dothi lake ndi lakuda, kumbani maenje angapo, kumtunda, pakati ndi kumunsi, muone pamene khasu likanire.

Maenje amenewo adzakuonetsani chinthu chimene alimi a kwathu amachidziwa kale ngakhale alibe dzina lake limodzi. Kuchoka pamwamba pa phiri kufika kudambo, nthaka imasintha motsatana: thanthwe, nsangalabwi, dothi lofiira lozamirapo m'tsinde mwa phiri, mchenga m'mphepete mwa dambo, kenako makande. Katswiri wina dzina lake Geoffrey Milne, amene ankagwira ntchito ku Tanganyika, anatcha mndandanda umenewu catena mu 1935, kutanthauza unyolo. Zimene phiri lataya ndi zimene tsinde lake lalandira.

Nanga nthaka yosayayi ntchito yake n'chiyani? Udzu ndi mitengo ya chilengedwe. Udzu wosatha ngati tsekera uli ndi mizu yambirimbiri yopyapyala imene imaluka kadothi konse ngati mkeka, umakula msanga mvula ikagwa, ndipo kukauma umagona osafa. Mitengo ya miombo ndi misuku imalowetsa mizu m'ming'alu ya thanthwe, kumene chimanga sichingafike, ndipo aliyense amene anatolako masuku amadziwa kuti msuku umakonda malo a nsangalabwi omwewa. Ng'ombe ndi mbuzi zimasandutsa udzuwo kukhala nyama, mkaka ndi manyowa popanda kugalauza dothi. N'chifukwa chake padziko lonse nthaka yotereyi imalembedwa kuti ndi ya busa. Ngakhale pamene boma linkatukula ulimi wa chigwa cha Lilongwe kuyambira mu 1968, mbali ya Dzalanyama anaikako famu ya ng'ombe.

Koma busa nalonso lili ndi malire, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti timalakwitsa kwambiri, kuposa ngakhale pa khasu. Taganizani kalendala ya ng'ombe za kumudzi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo minda yonse ili ndi mbewu, madambo adzadza madzi, ndipo mbali ya dambo imene kale inali msipu lero ndi madimba. Abusa alibe kolowera koma kuphiri. Ndiye ng'ombe za mudzi wonse zimakhala pa nthaka yopyapyalayo nthawi imene dothi ndi lonyowa, losavuta kuliponda n'kulilimbitsa, komanso nthawi imene udzu ukuyesa kukula, kubereka njere ndi kusunga chakudya m'mizu. Zikamamasulidwa kupita ku mapesi mu Meyi, mvula yatha, udzu wa m'phiri sungaphukenso. Phirilo limapuma nthawi imene kupuma kulibe phindu.

Udzu ukamadyedwa mpaka pansi mobwerezabwereza, mizu yake imafupika. Mitundu yokoma imene ng'ombe zimayamba kuthamangira ndi imene imatha poyamba, m'malo mwake n'kubwera udzu wa chaka chimodzi, zitsamba zaminga ndi malo a mbee. Ng'ombe yathu ya makolo ya makilogalamu 250 imadya udzu wouma pafupifupi makilogalamu sikisi pa tsiku, matani awiri ndi kanthu pa chaka. Tiyerekeze kuti hekitala ya m'phiri yabereka tani imodzi, ndipo theka liyenera kutsala kuti liphimbe dothi ndi kudyetsa mizu. Ng'ombe imodzi ikufuna mahekitala anayi kapena asanu. Werengani ng'ombe ndi mbuzi zimene zimakwera kaphiri ka kwanu m'mawa uliwonse. Ndipo zonsezo zimadutsa njira imodzi pochoka kukhola ndi pobwerera, molunjika kumtunda. Njirayo imasanduka kangalande, kangalande n'kukhala chigwembe. Madzi saiwala khwawa.

Moto umamaliza. Tchire likatenthedwa mu Seputembala kapena Okutobala, kaya ndi osaka mbewa kaya ndi abusa ofuna msipu wanthete, udzu umakhala wouma kwambiri ndipo moto umanyambita mpaka pansi. Chizimalupsa chimapeza dothi lili lamaliseche, ndipo mvula yoyamba ya mabingu imakokolola phulusa ndi dothi limodzi. Anthu a zankhalango amalimbikitsa kutentha koyambirira, udzu ukadali ndi chinyezi chapakati pa chaka, chifukwa moto wake ndi wozizira ndipo umasiya zigamba.

Kafukufuku amene FAO inachita pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 Malawi ankataya nthaka pafupifupi matani 29 pa hekitala pa chaka. Chiwerengerocho chikumveka chachikulu, koma mukachiyala pa hekitala ndi mamilimita awiri okha, kukhuthala kwa kandalama kachitsulo. Palibe amene angaone ndi maso. Pa katondo wa mamita atatu, mamilimita awiri ndi chilonda chimene munda ungapirire nacho kwa nthawi. Pa masentimita 20, ndiponso pamalo otsetsereka pamene kukokoloka kumaposa pamenepo, munthu mmodzi akhoza kuona munda ukutha iye ali moyo. Feteleza amabweza chonde, koma palibe sitolo yogulitsa kuya kwa nthaka.

Ife a m'tauni tisaone ngati ndi nkhani ya akumudzi. Mtsinje wa Lilongwe umayambira ku Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000, n'kudzadza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene Lilongwe Water Board imadalira. Kadothi ka m'mapiri amenewo, pamodzi ndi masamba ndi mizu, ndi kamene kamachedwetsa mvula kuti ilowe m'ming'alu ya thanthwe n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mu Okutobala. Kakachoka, madzi amabwera onse tsiku limodzi ali ofiira, matope n'kukhazikika m'damu. Pamene boma linatumiza asilikali ku Dzalanyama mu 2015 kukaletsa ootcha makala, ambiri tinkaona ngati akulondera mitengo basi. Thumba la makala limene timagula ku Area 36 kapena kwa Chinsapo limabwerera pampopi.

Chimene chingachitike pa malo amene awonongeka kale si chachilendo, ndipo alangizi akhala akuchinena: kugawa phiri kuti mbali ina ipume dzinja lathunthu, kusintha njira za ng'ombe kuti zidutse mopingasa, kusiya zitsa za miombo kuti ziphukire m'malo mothamangira kubzala bulugamu. Chovuta si luso, ndi mgwirizano, chifukwa busa ndi la mudzi wonse ndipo wosunga udzu amasungira ng'ombe za mnzake. Popanda a nyakwawa ndi a gulupu kuikapo lamulo lokhala ndi chindapusa, palibe amene angayambe yekha.

Koma pa za miyala ija ndinalimbana nawo atsibweni. Ngolo ziwiri anatola zija anagulitsa kwa anthu omanga maziko a nyumba, ndipo ndalama yake inagula sopo ndi mchere, sindingawanene. Kungoti nsangalabwi zimene zatsala pamwamba ndi chofunda chomaliza cha dothilo. Dontho la mvula likamenya mwala mphamvu yake imathera pomwepo, ndipo ukatembenuza mwala masana a dzuwa umapeza pansi pake pali chinyezi, nyerere ndi timizu toyera. Ukautola, mvula imasenda dothi lina mpaka itafukula miyala ina. Ikuluikuluyo ndi bwino kuindandalika mopingasa phiri, motsata akalozera, kuti dothi lotsetsereka lizitsamira pamenepo, n'kubzala vetiva kumtunda kwake.

Ndinawauza kuti, "Atsibweni, gawo la pamwambali bwanji mungolisiyira udzu, mbuzi zizidya, chimanga muzilima m'tsindemu?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe umadya za m'sitolo. M'tsindemo ndi mwa mlongo wako ndi ana ake. Ine ndikadye udzu?"

Ndinalibe yankho, chifukwa malo ndi ochepadi ndipo palibe amene amakwera phiri ndi khasu mwa kufuna kwake. Tinagwirizana zapakati. Pamwamba penipeni, pamene chimanga chinkafika m'chiuno basi, asiya kuunga mizere ndipo abzala nandolo m'maenje, udzu n'kumamera pakati. Miyala tinaindandalika mizere itatu tsiku limenelo, ine manja onse matuza. Nditapitako mu Epulo ndinalowetsa chala kumtunda kwa mzere wapansi, ndipo chinalowa chonse mu dothi lofewa limene likanakhala lili kudambo. Atsibweni anangoti mvula ya chaka chino inali yofatsa, n'kundituma kuti ndikamasule mbuzi.